Chogwirira cha M'bafa la Ababa

Fez, 11 Febuluwale 1997

Mng'ono wanga Ilham,

Mtendere ukhale nawe. Uli bwanji iwe, alamu athu ndi ana kumeneko kozizira? Kuno tilipo, Mulungu athokozeke. Idi yatha bwino, ngakhale makeke a mtedza wa amondi amene ndinaphika sanafike pa aja ankaphika Amayi. Ababa sanabise, anadya limodzi n'kukankha mbale.

Tsopano khala pansi. Ababa anagwa m'bafa. Si dzulo ayi, patha milungu itatu, m'kati mwa Ramadani. Usandikalipire, ndi iwo amene anandiletsa kukulembera. Ndinali pa makina ndikusoka diresi la mkwatibwi, ndinangomva kuti phi, kenako zii. Nditakankha chitseko ndinawapeza ali chagada, madzi akuthamanga, iwo akuyang'ana kudenga. Ndinati, "Ababa, mwatani?" Iwo anati, "Ndikupuma. Tseka mpopiwo." Fupa silinathyoke, koma ntchafu inada bii mpaka m'bondo.

Vuto ndi achimwene athu Noureddine. Anabwera kuchokera ku Casablanca kudzadya Idi, anawaona Ababa akutsimphina, ndipo ukuwadziwa achimwene ako, amayankhula ngati akuwerenga chikalata cha boma. Anati akadzabweranso pa Idi ya nkhosa n'kupeza m'bafa muli momwemo, kapena akamva kuti Ababa agwanso, adzawatenga akakhale nawo ku Casablanca, nyumba ino titseke. Taganiza iwe. Ababa pamwamba penipeni pa nyumba yosanjikizana, opanda mtengo wawo wa malalanje, osadziwa munthu ndi mmodzi yemwe mumsewu. Ababa ananyamula tiyi wawo. Anangotuluka kukakhala pabwalo mpaka tiyi anazizira m'manja. Chimwalirire Amayi zaka ziwiri zapitazo sindinawaonepo nkhope itagwa chotero. Ndikukuuza ine, akapita kumeneko sakatha chaka.

Iwe umagwira ntchito yosamalira okalamba a Afalansa, ndiye usandiuze kuti sudziwa chochita ndi nkhalamba yako yomwe. Uyankhe msanga. Undiuzenso ngati chifuwa cha mwana chija chinatha.

Ine mkulu wako,
Rabia


Lille, 21 Febuluwale 1997

Achemwali,

Kalata yanu ndalandira. Tonse tili bwino, chifuwa cha mwana chinatha. Koma ine ndakwiya, ndipo sindibisa. Milungu itatu, achemwali, ine ndikudya n'kumagona ngati palibe kanthu. Kodi kukhala kutali ndiye kuti ndasiya kukhala mwana wa m'nyumbamo?

Chofunika ndi zitsulo zogwirira pakhoma. Kuntchito kwathu bafa lililonse lili nazo. Musakavutike kumsika, ndagula ndekha ziwiri ndipo ndipatsira dalaivala wa basi yonyamuka mawa. Ndasankha za chitsulo chosachita dzimbiri, zokhakhala pogwirapo kuti dzanja la sopo lisaterereke, zonenepa moti zala zizungulire bwino. Ndinayesa ndi dzanja la amuna anga, ndi lalikulu ngati la Ababa. M'phukusimo muli misomali yake yopota ndi pepala limene ndajambula, miyeso yonse ndalembapo. Chimodzi chigone chopingasa pambali pa chimbudzi, msinkhu wa m'chiuno. China chikhale pamene pali mpopi waukulu wosambira. Mupeze mmisiri aboole khoma, azimange zolimba. Kachitsulo kopachikapo thaulo kaja asamakagwire, sikangasenze munthu.

Pojambula pepalali ndinatseka maso kuti ndikumbukire miyeso, koma chimene ndinaona ndi matailosi aja ang'onoang'ono, obiriwira ndi oyera, ndi nyenyezi zija tinkawerenga Amayi akamatitsuka m'mutu ndi dothi lonunkhira maluwa. Inu munkalira, ine ndinkaluma. Amayi ankati, "Khalani chete, kapena mukufuna mudzakwatiwe ndi nsabwe?" Zaka khumi ndi zinayi ndili kuno, koma msana wanga ukukumbukirabe kuzizira kwa khoma lija. Ndalisowa bafa, achemwali. Mundiseke ngati mukufuna.

Mundilembere zikangofika. Muwapsompsonere Ababa dzanja m'malo mwanga.

Ilham


Fez, 9 Malichi 1997

Ilham,

Moni kwa nonse. Zitsulo zako zafika, ndi zokongola, sindikana. Koma imva mmene zayendera.

Ndinaitana mmisiri wa mapaipi wa kuseri kwa mzikiti. Anabwera ndi makina ake obowolera, anayeza, analemba timitanda ndi pensulo. Atangoika nsonga ya makinawo pakhoma, Ababa anatulukira ndi ndodo yawo.

"Chotsa chinthucho pakhoma langa."

Mmisiri anati, "Akuluakulu, ndingoboola timabowo tochepa basi."

"Iwe unabadwa chaka chanji?"

Munthu wa Mulungu anatchula chaka chake.

"Ndiye khoma ili ndi mkulu wako. Lipatse moni, kenako utuluke."

Anatuluka, tiyi wake osamaliza. Ine manyazi anandigwira mpaka m'makutu.

Ukudziwa kuti Ababa anakalambira pa ntchito ya matailosi, koma mwina waiwala kuti a m'bafa muja anasema okha, kamodzikamodzi, ndi kahamala kawo kaja, chaka chimene anakwatira Amayi. Amayi ankakonda kuuza anzawo kuti, "Akazi ena analandira zibangili, ine ndinalandira bafa." Ankanena ngati akudandaula, koma mlendo aliyense ankamukokera komweko kuti akaone, ngakhale asanapemphe.

Ndinawaonetsa Ababa pepala lako. Analiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Mwanayu wajambula bwino. Koma kwawo waiwala." Ndinafunsa kuti akutanthauza chiyani, iwo anati ndiwathirire tiyi. Ine ndikuona kuti ndi kunyada chabe, nkhalamba yosafuna kuoneka nkhalamba. Anandiuzanso kuti ndikuuze kuti iwo si mmodzi wa odwala ako.

Panopa zitsulo zatsamira mtengo wa malalanje, mphaka wa aneba ndiye akusangalala nazo. Lachisanu achimwene anaimba foni kugolosale kufunsa ngati ntchito yatheka. Ndinanama kuti tili m'kati. Idi ya nkhosa yatsala milungu yosakwana isanu ndi umodzi. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndikudziwa, koma wangawu watopa. Ndichite chiyani?

Rabia


Lille, 17 Malichi 1997

Achemwali,

Moni. Ndikulemba mwachangu pa nthawi yopuma. Zimenezo ndimakumana nazo tsiku ndi tsiku. Okalamba amakana, amatukwana, amati sanakalambe, pakatha mlungu ndi omwewo akakamira chitsulo. Ababa musawafunsenso. Dikirani tsiku limene atuluka, muitane mmisiri uja, atsatire pepala. Akabwera adzakwiya, koma kuli bwino akwiyire m'nyumba mwawo kusiyana ndi kukakhala chete ku Casablanca. Mlandu wake ndisenza ine, muwauze kuti ndi Ilham analamula.

Mundidziwitse mmene zithere.

Ilham


Fez, 1 Epulo 1997

Ilham,

Moni ndikupatsa chifukwa Amayi anatiphunzitsa ulemu, koma mtima wanga suli pa moni.

Ndinachita zimene unanena. Lachinayi Ababa atapita kukasamba ku hamamu, bafa la anthu onse lija, monga amachitira mlungu uliwonse, ndinamuitana mmisiri. Anaboola mofulumira, maso ali kuchitseko. Pa bowo lomaliza ndinamva kuti thetche. Nyenyezi imodzi yobiriwira, yachitatu kuchokera pawindo, inang'aluka pakati. Mmisiri anati si kanthu, chitsulo chibisa. Sichinabise.

Ababa atabwera analowa m'bafa, anaima. Ndinawaona akuyendetsa chala pa mng'alu uja pang'onopang'ono. Ndinayembekezera kutukwanidwa, ndinali nditakonzeka ndithu. Masiku anayi osandiyankhula. Chakudya akudya, nthawi ya pemphero akuswali, koma ine ngati mpando.

Dzulo masana agwanso. Atemeka pamwamba pa diso, magazi mpaka m'ndevu. Ndipo imva izi, iwe wodziwa za okalamba: sanagwere pachimbudzi, sanagwere posambira. Agwera pakona paja kuseri kwa chitseko, pamene pali kampopi kakang'ono kam'munsi. Zitsulo zako ziwiri zikunyezimira uko, Ababa ali pansi kuno. Ndikuwapukuta magazi anandiyang'ana n'kunena kuti, "Usamuuze Noureddine." Amenewo ndiwo mawu oyamba amene andiyankhula chiyambire Lachinayi.

Sindiwauza achimwene, koma chilonda cha pankhope ungachibise ndi chiyani? Tinaswa khoma la Amayi pachabe, Ilham. Tawanyenga bambo athu m'nyumba mwawo momwe, ndipo nyumbayo aichokabe. Lero ndinatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati kuti ndione ngati loko wake akugwira. Ndinaibweza msanga asanaione, kenako ndinalira ngati mwana.

Usandilembere malangizo ena. Ngati uli ndi mawu, alembere eni ake.

Rabia


Lille, 8 Epulo 1997

Ababa anga okondedwa,

Ndikupsompsona dzanja lanu ndi mutu wanu. Ndikupempha Mulungu kuti kalatayi ikupezeni chilonda chikupola.

Achemwali musawaimbe mlandu. Ndine amene ndinawauza kuti aboole khoma inu mutachoka. Ndinalakwa, mundikhululukire. Nyenyezi ija ndikuidziwa, inali yachitatu kuchokera pawindo, ndinkaiwerenga ndili mwana.

Kuntchito kwathu, wokalamba akabwera, tisanaike chilichonse timalowa naye m'bafa n'kumuuza kuti, "Tationetsani mmene mumachitira, dzanja mumagwira pati." Anthu achilendo, osadziwa n'komwe kutchula dzina langa, ndimawafunsa. Inu bambo anga sindinakufunseni. Ndinangojambula pepala.

Ndiye lero ndilibe malangizo. Ndili ndi funso limodzi lokha. Ababa, mumakhala mukutani pakona paja, ndipo dzanja mumagwira pati?

Mwana wanu,
Ilham


Fez, 15 Epulo 1997

M'dzina la Mulungu wachifundo.

Mwana wanga Ilham,

Mtendere ukhale nawe, mwamuna wako ndi adzukulu anga. Ndikulemba ndekha, ukaona zilembo zikuvina usadabwe, dzanjali linasiya kundimvera.

Ndakukhululukira. Safunsa anadya phula, koma nanenso ndinakhala chete, ndiye phulalo tadya tonse.

Choyamba undilole ndiseke. Inu awiri munadikira kuti ndipite kukasamba kunja, kuti muike chitsulo pamalo osambira m'nyumba. Palibe mwa inu amene anaona chodabwitsa? Ine chiyambire ndimasamba thupi ku hamamu, nditakhala pansi, anzanga akundikwecha msana. Mpopi waukulu uja ndi wa Rabia wotungira madzi ochapira. Cha pachimbudzi chija ndi chabwino, ndimachigwira, koma usamuuze mkulu wako.

Wafunsa kuti ndimatani pakona paja. Ndimatsuka mapazi pokonzekera swala, mwana wanga. Kasanu pa tsiku. Ndimaima ndi mwendo umodzi ngati nkhuku yomva kuzizira, dzanja lina pakhoma, lina kuphazi. Afalansa ako sachita zimenezi, ndiye pepala lawo silikuzidziwa.

Koma si zokhazo. Amayi ako ali moyo ine ndinkatsukira mapazi kumzikiti, kumene kuli pokhala. Atamwalira, mawondo anayamba kukana chitunda chija, ndinayamba kuswalira kunyumba. Tsiku loyamba nditakweza phazi pa kampopi kaja, dzanja linafufuza khoma, linapeza malo ena osalala kuposa ena onse, olowa m'kati pang'ono. Ndinayang'anitsitsa. Kubiriwira kunafufutika, ndipo m'mizere munali kufiira kwa hina, utoto uja ankapaka m'manja. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, kasanu pa tsiku, amayi ako ankatsamira pamenepo. Dzanja lawo linadya khoma langa, ine mwini khoma osadziwa. Mkulu wako amayesa ndi litsiro, amapakwecha Loweruka lililonse n'kumatukwana sopo.

Amayi ako anali aafupi, ankandilekeza paphewa. Kuti ndiike dzanja pamenepo ndiyenera kuwerama. Munthu wowerama, waima ndi mwendo umodzi, dzanja lonyowa pa tailosi yosalala, mapeto ake iwe ukuwadziwa. Ndinadziwa kuyambira tsiku limene ndinagwa koyamba. Ndikanatha kugwira m'mwamba. Sindinafune. M'nyumba yonse ino ndi malo okhawo amene ndimawagwirabe dzanja amayi ako, ndipo ndawasowa kwambiri.

Nanga zimenezi munthu angauze bwanji ana ake? Mlongo wako Noureddine akanati mutu wa Ababa wayamba kusokonekera. Ndinkaopanso kuti ndikakuuzani pamene ndimagwira, mudzaboola pomwepo.

Tsopano za ntchito. Chitsulo cha posambira chija ndinachikoka ndi dzanja limodzi, chinazuka ndi timapulasitiki take ndi fumbi. Khoma ili ndi la njerwa zakale ndi njereza, siligwira tizinthu totero. Mmisiri wanu akanandipha ndi chitsulo chomwe chondipulumutsira. Cha pachimbudzi ndachimanganso. Lero m'mawa ine ndi Rabia tachotsa timatailosi tingapo pakona paja, m'mwamba ndi m'munsi, osaswa ndi kamodzi komwe, takumba mozama, taika mabawuti aatali m'simenti. Chitsulo chozukacho chidzaima chilili, osati chopingasa, zala zitatu kumanja kwa dzanja la amayi ako. Manja anga amanjenjemera, ndiye hamala anagwira ndi Rabia, ine ndinagwira tchizulo. Ndinamuuza zonsezi tili pa ntchitoyo. Analira, n'kundimenya chala chachikulu. Wosoka ndi wosoka basi.

Simenti ikufuna masiku atatu kuti iume. Mlongo wako akufika tsiku lachitatulo. Zotsala ndi za Mulungu.

Mu envulopu muno ndaikamo katailosi kamodzi kobiriwira mwa tija tachotsa. Usakataye. Ndinakasema ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo tsiku limenelo amayi ako anandibweretsera tiyi wopanda shuga chifukwa cha manyazi, anaiwala kuthira.

Bambo ako,
Tayeb


Fez, 21 Epulo 1997

Mng'ono wanga,

Idi yabwino kwa nonse, ngakhale mochedwa. Nkhosa inali yonona, chiwindi chake Ababa anadya mpaka kupempha china. Ndikudziwa kuti si za nkhosa zimene ukufuna kumva.

Chitsulo tinachimanga Lachisanu m'mawa, tsiku la Idi lenilenilo, achimwene asanafike. Atangolowa pakhomo maso awo anagwera pa chipsera cha Ababa.

"Ichi n'chiyani, Ababa?"

"Chipsera. Ku Casablanca kulibe?"

"Mwagwanso. Rabia, iwe unandibisira. Tinagwirizana chiyani?"

Ababa anati, "Musiye mlongo wako. Bwera uone ntchito, kenako uweruze."

Tinalowa m'bafa tonse atatu, mothinana muja. Ababa anati, "Chikoke." Achimwene anachikoka. "Ndati chikoke, osati kuchipatsa moni." Ukudziwa mimba imene achimwene ako ali nayo masiku ano. Anagwira ndi manja awiri, n'kulendewera ndi thupi lonse mpaka nkhope inafiira. Chitsulo osagwedera ndi pang'ono pomwe. Pofuna kupezabe chonena, analoza pakhoma n'kuti, "Nanga litsiro ili? Rabia, sopo watha m'Fez monse?"

Ababa anawagwira dzanja achimwene, n'kuwakokera pansi mpaka anawerama, n'kuika chikhatho chawo pamalo paja. Anati, "Pamenepa ndi pamene amayi ako ankatsamira akamatsuka mapazi kuti akakupempherere, iwe ndi mayeso ako amene unkalephera aja."

Achimwene anakhala chiweramire. Ine ndi Ababa tinatuluka, tinawasiya. Atatuluka maso ali psuu, anati chimfine chawagwira panjira. Masiku awiri amene anakhala sanatchuleko Casablanca. Ponyamuka dzulo anapsompsona Ababa pamutu n'kundiuza kumbali kuti, "Akhale. Koma uwagulire kampando koti azikhalapo potsuka mapazi." Ndinawauza Ababa, iwo anati chaka chino alandira chitsulo, za kampando tidzakambe chaka chamawa. Ndigulabe, ndikaika poonekera, ndipo ulendo uno ndiwauza pamaso.

Lero masana Ababa anasiya chitseko chosatseka bwino, ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinasuzumira. Anagwira chitsulo ataima mowongoka. Anatsuka phazi lamanja, analiponda pansi. Anatsuka lamanzere, analiponda pansi. Mapazi onse awiri atakhazikika, anawerama pang'onopang'ono, dzanja lina likadali pa chitsulo, n'kuika chikhatho pa dzanja la Amayi. Anakhala choncho kanthawi. Kenako anatseka mpopi n'kupita kukaswali.

Sutikesi ija ili pamwamba pa kabati. Malalanje achita maluwa, bwalo lonse likununkhira, ndipo Ababa akufunsa ngati ubwera ndi ana nyengo yotentha ino. Undiuze ngati katailosi kanafika kosasweka.

Loweruka ndinatsuka bafa lonse monga mwa masiku onse. Nditafika pamalo paja ndinalambalala.

Mkulu wako,
Rabia